Azakhali, Makina a ku Joni Andibweretsera Nkhondo M'nyumba

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chilomoni. Achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira katundu pa Khirisimasi, ndipo m'chikwamamo munali makina oyezera BP, kachoyezera kutentha kwa thupi, ndi kena kopanira pachala. Chifikireni zinthuzi, m'nyumba mwanga mulibe mtendere. Bambo a kunyumba nditawayeza, makina anaonetsa 162/98. Iwo akuti makinawo ndi abodza, ndipo ngati BP ilipodi ndiye kuti ndikuwakwezera ndine ndi pakamwa pangapa. Apongozi anga, amene akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zingapo, atapeza 126/80 anati achira, mapiritsi anasiya. Ine ndiye tulo ndinaiwala. Mwana wanga wa miyezi 8 ndimamuyeza ngakhale pakati pa usiku, ndipo ndikadziyeza ndekha manambala amabwera osiyana nthawi iliyonse. Kodi ndingowabweza makinawa kwa eni ake?

Ine wothedwa nzeru,
Chilomoni

Mwana wanga wothedwa nzeru,

Anzako achimwene awo akapita ku Joni amawatumizira mabulangete, mapoto ndi foni, iwe akutumizira chipatala chathunthu m'chikwama. Ndiye lero watsegula kiliniki pa Chilomoni, dokotala ndiwe, namwino ndiwe, mlonda wa usiku ndiwe yemwe, ndipo odwala ako onse akunyanyala. Ndaseka, usandikwiyire. Koma makinawo usabweze. Achimwene akowo anaganiza bwino, anangoiwala kutumiza nzeru yake yogwiritsira ntchito, ndipo imeneyo ndikupatsa ine ulere.

Ukapita kuchipatala, usanaonane ndi adokotala, anamwino amakuyeza zinthu zinayi n'kulemba m'buku lako la kuchipatala lija: kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kapumidwe, ndi kuthamanga kwa magazi. Masiku ano awonjezerapo chachisanu, mpweya wa okosijeni umene uli m'magazi. Amayamba ndi zimenezi chifukwa wodwala amanama, amachita manyazi, amadzilimbitsa, mwinanso ndi khanda losayankhula, koma zinthu zisanuzi sizidziwa manyazi. Vuto lako n'lakuti ukufuna nambala imodzi igamule mlandu wonse, ndipo a m'nyumba mwako aliyense wasankhapo nambala yomukomera.

Ndiyamba ndi apongozi ako, chifukwa pa onse amene watchula iwo ndi amene andidetsa nkhawa. Nambala ya 126/80 anaionayo ikutanthauza kuti mapiritsi aja akugwira ntchito yake. BP si malungo oti ukamaliza LA masiku atatu nkhani yatha. Kwa anthu ambiri ndi matenda okhala nawo moyo wonse, ndipo mankhwala amangoigwira kuti isakwere. Ukawasiya imabwerera mwakachetechete, sigogoda pachitseko. Sabata yoyamba apongozi azidzakuseka kuti taona, ndili bwinobwino. Kenako m'mawa wina udzawapeza kukamwa kwapindikira mbali imodzi, mkono sukunyamuka, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera. Imeneyo ndiyo sitiroko. Ndipo mwana wanga, wowasambitsa, wowatembenuza ndi wowachapira adzakhala ndani? Ndiwe. Achibale akadzasonkhana n'kuyamba kunong'onezana kuti matenda otere sabwera okha, ukudziwa bwino amene amayamba kumuloza chala pakhomo pa eni. Ndi mtengwa, uja amene ankawamanga mkono ndi chinthu chochokera ku Joni.

Ndiye usapite wekha kukawalalikira, makina ali m'manja. Apongozi sauzidwa ndi mpongozi wawo kuti alakwitsa. Tuma mwana wawo, kaya alamu ako aakazi amene amamvana nawo, awaperekeze kuchipatala sabata ino yomwe ndi buku lawo, akamve kuchokera pakamwa pa anamwino. Mwinanso pali chifukwa chimene sakukuuza. Mapiritsi ena a BP, monga aja timawatcha HCT, amakodzetsa pafupipafupi, ndipo mayi wamkulu safuna kumatuluka m'tchalitchi kawiri ulaliki uli mkati. Ena, monga amlodipine, amatupitsa mapazi. Zotere akanene kuchipatala, mankhwala alipo amitundumitundu, angathe kuwasinthira. Adyo, nimu ndi cham'mwamba zimene anzawo a kumvano akuwauza, zisalowe m'malo mwa mapiritsi.

Tsopano bambo a kunyumbawo. Ndikuwaona m'maganizo mwanga, akudzisisita pamimba n'kumati ine ndikudzimva bwino, mutu sundiwawa, nsima ndikumaliza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anayenda m'dziko muno kuyeza anthu a zaka 25 mpaka 64, ndipo anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera. Mwa opezekawo, oposa 9 pa 10 aliwonse sankadziwa n'komwe. Ambiri ankadzimva bwino ngati amuna akowa. Ndipo sanali onenepa okhaokha a m'tauni, ayi, ngakhale kumudzi, olima tsiku ndi tsiku, anapezeka nayo.

Uwafotokozere chonchi, poti amuna amamva msanga nkhani ya njinga. Mtima ndi mpope, mitsempha ndi chubu. Nambala yapamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya, yapansi ndi imene imatsala m'mitsempha pamene mtima ukupumira kuti ufinyenso. Munthu wamkulu wabwinobwino amakhala cha m'ma 120/80. Kuchipatala ikamapezeka 140/90 kapena kuposa, masiku osiyanasiyana, amati BP yakwera. Chubu chopopedwa mopyola muyeso sichiphulika tsiku lomwelo. Chimayenda miyezi, wakabaza akunyada kuti matayala ake ndi olimba, kenako chimadzaphulikira pamalo pofooka. M'thupi malo ofookawo ndi ubongo, mtima weniweniwo, impso ndi maso. Ngati zonsezi sizikuwaopsa, udikire ana agone, uwanong'oneze kuti BP yosasamalidwa imaononganso timitsempha tina tating'ono timene amuna amatinyadira, ndipo ntchito za kuchipinda zimayamba kuvuta. Udzaona m'mawa akufunsa okha kuti makina aja wawaika pati.

Komabe ndisakukondere. Unawayeza bwanji? Ndikukayika ngati sunawagwire pakhomo penipeni, angotsika minibasi, akwera chitunda cha ku Chilomoni chija, thukuta lili kamukamu, iwe uli pambali ukuwafunsa za ndalama ya fizi. Muyeso wotere ngakhale m'busa angapezeke ndi 160. Kuyeza BP kuli ndi mwambo wake. Munthu ayambe wakataya madzi. Pakhale patapita mphindi 30 asanamwe khofi kapena tiyi, asanasute, asanagwire ntchito yolemetsa. Akhale pampando woyedzamira, mapazi onse pansi, osapingasa miyendo, apume mphindi 5. Mkono ukhale patebulo molingana ndi mtima, lamba umange pakhungu, pamwamba pang'ono pa chigongono, osati pamwamba pa juzi. Makina akamapopa, iwo asayankhule, nawenso pakamwa utseke, ndikudziwa kuti apa ndiye povuta. Uyeze kawiri, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi, m'mawa ndi madzulo, kwa sabata yathunthu, uzilemba m'kope. Ngati mkono wawo ndi waukulu ndipo lambayo akuchita kukakamiza, nambala imakwera yabodza, pamafunika lamba wamkulu. Poyezera kunyumba munthu amakhala womasuka kuposa pamaso pa adokotala, n'chifukwa chake manambala a kunyumba akamazungulira 135/85 kupita m'mwamba, kopelo lipite kuchipatala pamodzi ndi mwini wake.

Za makina abodzazo, njira yake ndi yapafupi. Muwanyamule popita kuchipatala, anamwino akayeze ndi awo, inu muyeze ndi anu, mufananize. Luso loyeza magazi ndi lamba wa pamkonoli silinayambe ndi achimwene ako. Dokotala wa ku Italy, Riva-Rocci, anayamba nalo mu 1896, ndipo wa ku Russia, Korotkoff, anawonjezera zomvetsera kugunda kwa mtsempha mu 1905. Lakhala likugwira amuna okana kwa zaka zoposa 100. Zoti ukuwakwezera ndiwe, choona chilipo pang'ono: mkangano umakweza BP kwa kanthawi, ndiye nawenso uzisankha nthawi yoyambitsa milandu. Koma pakamwa pa mkazi sipasunga BP pa 160 sabata yathunthu. Zimene zimaisunga ndi mtundu, msinkhu, kunenepa, mowa, fodya ndi mchere. Mchere woyenera munthu wamkulu pa tsiku lonse sufika magalamu 5, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi uja uli kale mu usipa wouma, m'makyubu, mu buledi ndi m'tchipisi cha pachiwaya. Mbale ya mchere ija uichotse patebulo, ndipo m'ndiwo uzichepetsa pang'onopang'ono. Ukachotsa tsiku limodzi adzati wayamba kuwazonda.

Pali nambala imodzi yosadikira sabata. Makina akaonetsa 180/120 kapena kuposa, mupume pang'ono muyezenso, ikabwereza pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ikabwera pamodzi ndi mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kuona zachimbuuzi, kubanika, kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, musayezenso kachiwiri, sakani galimoto.

Tibwere kwa mdzukulu wangayo, amene ukumudzutsa pakati pa usiku kuti umupanikize kachitsulo kozizira kukhwapa. Walakwanji mwana? Mwana amene wayamwa bwino, wasewera, wagona tulo take, musiye agone. Choyezera kutentha chimatuluka m'kabati pamene mwana wasintha: akunyentchera, akukana bere, kapena ukamukhudza pachifuwa ndi kuseri kwa dzanja lako ukumva moto. Usadalire manja ndi mapazi ake, zimatha kuzizira thupi likutentha. Upukute kukhwapa, uike nsonga yake pakati penipeni, ugwire mkono mpaka kalire. Thupi labwino limakhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo madzulo limafundirako pang'ono kuposa m'mawa. Kukhwapa kukaonetsa 37.5 kupita m'mwamba, kuchipatala amati thupi latentha.

Likatentha, m'vule majuzi ndi mabulangete amene agogo ake amukuta nawo, umuyamwitse pafupipafupi, ndipo tsiku lisathe asanayezedwe malungo. Kwathu kuno kutentha thupi kwa mwana timayamba takayikira malungo mpaka kadontho ka magazi ka pachala katatiuza zina. Usamupatse LA wotsala wa mkulu wake, usamupatse asipirini. Panado amatsitsa kutentha koma sapha chimene chikutenthetsacho, ndiye usanyengeke mwana akayamba kuseka patapita ola limodzi. Ndipo nkhani ija yakuti ndi mano akumera, yapititsa ana ambiri kuchipatala mochedwa. Mano amachititsa dovu ndi kulira, satenthetsa mwana mpaka 39. Uuzenso anzako amene ali ndi makhanda osakwana miyezi 2 kuti kwa iwo lamulo ndi lina: khanda likatentha, kapena likazizira kutsika pa 35.5, ndi ulendo wa kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya kukugwa mvula.

Chimene ndikufuna uphunzire koposa zonse sichinabwere m'chikwama cha ku Joni, ndipo sichifuna mabatire. Ndi kuwerenga kapumidwe ka mwana. Alangizi a zaumoyo a m'makiliniki a m'midzi amazindikira chibayo ndi luso limeneli, atanyamula kawotchi chabe. Mwana akhale chete kapena ali m'tulo, osati akulira kapena akuyamwa. Ukweze malaya ake, uyang'ane pamimba kapena pachifuwa, uike foni pambali, uwerenge kukwera kulikonse kwa mphindi imodzi yathunthu. Usawerenge theka n'kuchulukitsa, makanda amapuma modukizadukiza, amathamanga kenako n'kuima pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khanda losakwana miyezi 2 likafika 60 pa mphindi, likupuma mothamanga. Kuyambira miyezi 2 mpaka chaka, malire ndi 50, ndipo wakoyo ali m'gulu limeneli. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5, malire ndi 40. Iwe ndi ine timapuma ka 12 mpaka 20 basi, n'chifukwa chake mayi wosadziwa amaona ngati mwana wake akubanika pamene ali bwino, ndipo wina amazolowera n'kulephera kuona pamene zavutadi. Uyeserere lero mwana ali bwino, kuti diso lako lidziwe kapumidwe kake ka masiku onse.

Mwana wa chifuwa akadutsa malire amenewa, chingakhale chibayo, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, kapena akubuula popuma, zafika poipa. Ndipo pali zizindikiro zimene zimaposa nambala iliyonse: mwana kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kapena kufooka kosadzutsika. Ukaona chimodzi mwa zimenezi usatsegule n'komwe kabati ya makina, bereka mwana uzipita.

Kugunda kwa mtima sikukutayitsa nthawi, makina a BP aja amakuonetsa kale pansi pa manambala awiri aja. Koma udziwe kuyeza ndi zala, magetsi ndi mabatire sizidalirika. Uike zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, uwerenge kwa mphindi imodzi. Chala chachikulu usayezere, chili ndi kugunda kwakekwake, ungamawerenge mtima wako pamkono wa apongozi. Wamkulu amene wapuma amagunda ka 60 mpaka 100. Khanda limapitirira 100 lili bwinobwino, usathamange nalo. Mantha, kutentha thupi, kuchepa kwa magazi ndi kutha madzi m'thupi zimathamangitsa mtima. Chimene uyenera kukanena kuchipatala ndi mtima wothamanga munthu atangokhala, wochedwa kwambiri mpaka chizungulire, kapena wogunda mosalongosoka, uku ukudumpha uku ukuthamanga, makamaka kwa achikulire. Munthu wotsekula m'mimba kwambiri, mtima ukamagunda mothamanga koma mofooka, BP n'kutsika pansi pa 90/60, madzi amuthera. Tinaziona nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023. Thanzi ORS ayambe kumwa muli m'njira.

Kopanira pachala kaja tinakadziwa nthawi ya Covid-19. Kamayeza okosijeni m'magazi. Munthu wabwino amaonetsa 95 kupita m'mwamba, ikamatsikira ku 92 mpofunika kuonana ndi achipatala, ndipo pansi pa 90 ndi ngozi. Koma kali ndi timabodza take. Chala chozizira, kugwedezeka, ndi kyuteksi yako ija zimakasokoneza, ndipo pakhungu lakuda ngati lathuli nthawi zina kamaonetsa nambala yokwererapo kuposa zenizeni. Munthu akamabanika, milomo ikuda, usamuuze kuti makina akuti uli bwino. Kachala ka mwana wa miyezi 8 n'kochepa, ka akuluakuluko sikangamuyeze molondola, ndiye kamusiye.

Tsopano iwe mwini. Ukudabwa kuti manambala ako amasinthasintha? Mwana wanga, manambala osasintha ali ndi anthu a kumanda okha. Thupi lamoyo limakwera n'kutsika tsiku lonse: ukadzuka, ukadya, ukakwiya, ukaseka, ukamva kuti apongozi akukuitana. Ndipo ukayeza uli ndi mantha nambala imakwera, ukaiona yakwera mantha amachuluka, ukayezanso imakweranso. Ukhoza kuchezera usiku wonse ukuthamangitsana ndi mantha ako omwe. Ndikudziwa chimene chikukudzutsa. Si makina ayi. Ndi chikondi, ndiponso mtolo uja amayi timasenza, woti aliyense m'nyumba akadwala timadzifunsa kuti ndinalephera pati kuona. Usadzione wopusa. Mwa anthu onse a m'nyumbamo, ndiwe wekha amene wafunsa, ndipo safunsa anadya phula. Koma mayi woyamwitsa wosagona amadwala, ndipo ukagwa iweyo kilinikiyo yatsekedwa.

Ndiye tipangane. Gula kope limodzi, aliyense akhale ndi tsamba lake, uzilemba tsiku, nthawi, nambala, ndi mmene munthuyo amamvera. Bambo ayezedwe sabata imodzi monga ndanenera, kenako achipatala ndiwo anene chochita. Apongozi akabwerera pa mankhwala, kuwayeza kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, pokhapokha adokotala atanena zina. Iwe, ngati manambala ako a sabata imodzi ali pansi pa malire aja, makina uwapumitse, uzidziyeza mwa apo ndi apo. Mwana ayezedwe akadwala, ndi kusikelo. Dzuwa likalowa zonse zilowe m'kabati, kiyi upatse bambo ngati sungadzigwire.

Anansi akamva kuti uli ndi makina adzayamba kubwera, ndikuwadziwa anthu a ku Chilomoni. Uwayeze, si tchimo, koma usagawe mapiritsi a apongozi ako, ndipo usauze munthu kuti alibe vuto kapena ali nalo. Umulembere nambala yake pakapepala apite nayo kuchipatala. Amene usamuchedwetse ndi mayi woyembekezera. Poti wakoyo ali ndi miyezi 8 sindikuyembekeza kumva kuti iweyo wayambanso sikelo ya amayi posachedwapa, wamva? Koma mnzako wapakati akapezeka ndi 140/90, makamaka mimba itapitirira miyezi isanu, asadikire tsiku lake la sikelo. Ngati mutu ukumuwawa kwambiri, akuona tinyenyezi, nkhope ndi manja zatupa, kapena akumva kupweteka pamwamba pa mimba, angathe kukomoka nthawi iliyonse, ndipo moyo wake ndi wa mwana uli pachiswe. Umuperekeze wekha, ana uwasiyire apongozi.

Ndine,
Azakhali ako